Chikole cha ku Denmark

Maluwa ankasenda nandolo pakhonde ngati munthu amene sakufuna kumaliza. Ankatola khoko limodzi m'lichero, n'kuling'amba ndi chikhadabo, n'kumagwetsera njere m'mbale imodziimodzi. Njere iliyonse ikagwa, milomo yake inkagwedera.

"Syu. E. Plai. A. Ske."

"Iwe, ukusenda kapena ukuchita kolona?" anakuwa mayi ake, a Nabanda, ali kuseri kwa nyumba. "Nandolo ameneyu tidya chaka chino?"

Maluwa anatola khoko lina. Liwu limene ankalibwerezalo linali la Chidanishi, chinenero cha ku Denmark. Polemba linali sygeplejerske, kutanthauza namwino, koma poliyankhula zilembo zina zinkangosowa ngati zamezedwa. Linali liwu loyamba limene Benedicto anamuthandiza kudula, ndipo n'chifukwa chake m'mawa umenewu linkamuwawa pakhosi.

Zonse zinayamba ndi Denis, mnyamata wa mudzi woyandikana nawo cha ku Nchema, amene anapita ku Denmark kalekale n'kupeza ntchito pakhola la ng'ombe zamkaka. Atamva kuti Maluwa anakhoza fomu folo koma malo a sukulu ya unamwino sanawapeze, anatumiza uthenga woti kumeneko sukulu zophunzitsa kusamalira odwala zilipo, bola munthu adziwe kaye chinenero. Kenaka kunabwera foni. Anaibweretsa ndi Angella, mchemwali wake wa Denis, koma sanaipereke kwa Maluwa. Anaipereka kwa amalume a Maluwa, a Christopher, ndipo iwo anabwera nayo itakulungidwa m'chitenje chatsopano.

"Gwada, ulandire ndi manja awiri," anatero tsiku limenelo. Maluwa anagwada. Ankaganiza za sukulu basi.

Denis ankatumiza mawu atalembedwa, n'kudzijambulanso akuwatchula. Mawuwo anali aatali moopsa. Tsiku lina kwaya itaweruka ku Nguludi, Maluwa anakhala kuseri kwa tchalitchi akulimbana ndi limodzi mpaka misozi inalengeza. Ndi pamene Benedicto anaima pambali pake. Anali woimba besi, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, munthu amene miyezi yonse ankangomupatsa moni n'kuyang'ana pansi.

"Ukufuna kulimeza lonse nthawi imodzi," anatero. "Kodi mzimbe umadya choncho? Suyamba wafufuza pamfundo?"

Chidanishi sankachidziwa ngakhale pang'ono, koma anali ndi khutu la kukwaya. Ankaika foni pakhutu n'kumvetsera mawu a Denis mobwerezabwereza mpaka atamva pamene liwu lapumira. Awiriwo anazindikira kuti liwu lalitali ndi timawu tating'ono tolumikizana: syge ndi za odwala, pleje ndi kusamalira. Ankayamba adula pamene timawuto takumana, kenaka n'kuwomba m'manja phatikizo lililonse monga ankachitira ku sitandade wani. Kumutu kwa liwu ankamenya mwamphamvu, kumchira n'kungolekerera. Benedicto ankagogoda thanki ya njinga, Maluwa akuwomba m'manja.

Tsiku limene anafika pa arbejdstilladelse, chilolezo chogwirira ntchito, lilime la Maluwa linayamba kuwonjezera zake.

"Alubayidisi tiladelese."

"Amenewo ndi mankhwala a chitopa?" anafunsa Benedicto. "Tseka pakamwa pa s, usamutsegulire chitseko. S ameneyo ndi wa liwu lakutsogolo, amapita ndi ntchito, osati ndi chilolezo."

Anaseka mpaka sisitere wina anasuzumira pawindo.

Tsono panapita masiku ndithu Benedicto osabweranso kuseri kwa tchalitchi. Kukwaya ankaimba n'kunyamuka. Sanatsanzike, sananene chifukwa. Maluwa anang'amba khoko lina mwaukali moti njere zinathawira pansi.

*

"Odi kuno! Alamu anga alipo?"

Anali Angella, atavala magalasi akuda ndi nsapato zazitali zimene zinkamira m'fumbi. Kale akamati alamu, Maluwa ankayesa nthabwala za atsikana. Lero liwulo linamveka lolemera.

"Ee, mwayamba kale kukonzera alendo?" anatero Angella akusuzumira m'mbale. "Koma amalume anga a Mabvuto nandolo amawatupitsa m'mimba. Mugwire nkhuku, alamu."

"Alendo ake ati?" anafunsa Maluwa chapansipansi.

Angella anavula magalasi n'kuyang'ana a Nabanda, amene anali atangotulukira akupukuta manja. "Amayi, simunawauze? Ankhoswe athu akubwera mawa Misa ikatha. Kudzakambirana tsiku."

"Tsiku la chiyani, amayi?"

"Usandichititse manyazi pamaso pa anthu," anatero a Nabanda. "Foni ija unkaiyesa chiyani? Chinthu chodzera kwa amalume ako, chokulungidwa m'nsalu yatsopano, iwe n'kuchilandira utagwada. Unabadwira kuti iwe? Chimene chija ndi chikole. Unalandira, ndiye kuti unalola."

"Anati ndi yophunzirira."

"Nanga sukuphunzira? Ukufuna ukafike kwa mwamuna wako uli bububu?"

Maluwa anamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa kufika m'makutu. Mawu anadzaza m'kamwa, ambirimbiri, onse akukankhana pakhomo limodzi. Chibadwa chake chinali chimenecho: akakwiya, khosi linkatseka. Anangofinya khoko la nandolo mpaka madzi obiriwira anatuluka pakati pa zala.

"Taonani manyazi ake," anaseka Angella. "Achimwene anasankha bwino, mkazi wosayankha. Ndipotu uja wa kabaza ndinamuuza kale kuti asamatope ndi akazi a eni ake. Anamva msanga, ndi mnyamata womvera. Dzana anandiperekeza ku Namitambo, ine n'kumugwira m'chiuno njira yonse. Misewu yathuyi mabampu, alamu, munthu umafunika pogwira."

Maluwa anaika lichero pansi, nadzuka, nalowera kumsewu.

"Ukupita kuti? Nandoloyu?" anakuwa mayi ake.

Iye sanacheuke.

*

Anapeza Benedicto pasiteji ya akabaza, pansi pa mtengo wa bulugamu, akupukuta sipoko za njinga. Anzake atamuona Maluwa anakodolana n'kusunthira kutsidya kwa msewu.

"Benedicto."

"Mwadzuka bwanji, mayi a ku Denmark? Tikuperekezeni kuti?"

Inu ameneyo anamulasa kuposa mbama. Chiyambire kuseri kwa tchalitchi ankaitanana iwe.

"Bwanji unasiya kubwera?"

"Ntchito ija inatha. Mawu mukuwatha tsopano." Anapitiriza kupukuta sipoko imodzi yomweyo. Kenaka anaponya kansanza pansi. "Ayi, ndinene. Ine ndinkasiya anthu pano akufuna ulendo, ndikuthamangira kukagogoda thanki ngati chitsiru. Mawu a mwamuna wanu ndinkawaika pakhutu langa ine, kuwamvetsera mpaka kuwalota. Ndimadula mzimbe ine, wodya ali ku Ulaya. Anzangawa akundiseka mpaka lero. Akuti aphunzitsi a mkazi wa Denis."

"Sindinkadziwa."

"Simunkadziwa? Mudzi wonse ukudziwa, ndi ana omwe. Angella anachita kundionetsa chithunzi cha chitenje chimene anakulungira."

"Ndamva lero."

Benedicto anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba. Maso ake anafewa pang'ono, kenaka anaumanso.

"Chabwino, mwamva lero. Ndiye mutamva mwawauza chiyani?"

Maluwa anatsegula pakamwa. Ankafuna kumufunsa kuti iyeyo, miyezi yonse ija, ananenapo chiyani? Tsiku lija mvula inawatsekereza pakhonde la tchalitchi, atamufunditsa jekete lake, bwanji anangoyamba kukamba za mtengo wa petulo? Munthu amene sanafunsirepo amakwiya ndi chikole cha mnzake pa chifukwa chanji? Ndipo chiuno chimene Angella anagwira njira yonse ya ku Namitambo chinalibe mwini wake woti n'kukana? Zonsezi zinafika pakhosi n'kuima.

"Ndi zimenezotu," anatero Benedicto. "Simunanene kanthu. Mawanso simudzanena kanthu. Adzakunyamulani ngati thumba la chimanga mpaka pabwalo la ndege, inu muli chete."

"Mawa ubwere," anakwanitsa kunena Maluwa.

"Kudzatani? Kudzawomba m'manja? Mawa ndili ndi ulendo wa ku Limbe. Angella akuti ndikamutengere katundu kudepoti."

Analiza njinga ngakhale panalibe wokwera, nanyamuka, fumbi n'kumutsira Maluwa kumapazi.

*

Ali m'njira yodutsa m'minda ya nandolo, foni inanjenjemera. Denis anali atatumiza liwu latsopano, opholdstilladelse, chilolezo chokhalira m'dziko. Pansi pake panali mawu ojambula. "Ili ndiye lofunika kwambiri, mayi a kunyumba. Uliloweze."

Maluwa anaima. Kulemba kunkamuphwekera kuposa kuyankhula, choncho analemba uthenga.

"Bwanji simunandiuze kuti foniyi ndi chikole?"

Yankho silinachedwe. "Ndikanakuuza ukanayamba kuganiza zambiri. Amalume ako anati ndiwe wamanyazi, zinthu zimafunika kukuyambira."

"Nanga sukulu ija?"

"Sukulu tidzaona ukadzazolowera. Choyamba ndi nyumba. Kuno munthu ndimafika ndili wotopa, kozizira, wondiphikira palibe. Mawa uvale bwino."

Anawerenga kawiri. Tidzaona. Miyezi yonse ija yopotokola lilime, kuluma milomo, kuphunzira d amene satuluka bwinobwino koma amangogona kuseri kwa mano, zonsezo zinali zoti akaphikire munthu wotopa. Anayang'ananso liwu latsopanolo ndipo mkwiyo unamupangitsa kulidula pomwepo. Ophold, kenaka s wake, kenaka tilladelse limene ankalidziwa kale. Anayamba kuyenda akuponda pansi mwamphamvu, phazi limodzi phatikizo limodzi.

"Op. Hols. Te. Le. Dhel. Se."

Linatuluka loyera, lopanda chowonjezera chilichonse, koyamba chiyambire. Panalibe wogogoda thanki. Mbuzi yokha imene inamangidwa m'mbali mwa njira ndi imene inadzutsa mutu.

Maluwa anaima kachiwiri. Anabwereza liwulo, uku akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Kenaka anayang'ana manja akewo nthawi yaitali.

*

Lamulungu Misa itatha, mikeka inayalidwa pansi pa mtengo wa mango. A Christopher anakhala pampando atavala jekete la maliro ndi maukwati. Moyang'anana nawo panali a Mabvuto, amalume ake a Denis, chipewa chili pabondo. A Nabanda ndi Angella anakhala pamkeka. Maluwa anaitanidwa pomaliza. Anabwera atafumbata kanthu m'chitenje, nakhala kumapeto, maso ali pansi.

Akuluakulu analonjerana, nafunsana za mvula ndi za mitengo ya feteleza, kenaka a Mabvuto anakonza kukhosi.

"Ife tabwera kudzalondola chikole chathu. Tinaponya, ndipo tinamva kuti chinagwera m'manja abwino."

"Chinagwera pabwino zedi," anatero a Christopher. "Mwanayu ndi wofatsa, sayankha akulu, ndipo mutu wake ndi wakuthwa. Panopa chizungu cha kumeneko akuchiyankhula ngati wobadwira konko. Iwe Maluwa, tayankhulako pang'ono alendo amve."

Maluwa sanagwedezeke.

"Ukumva? Usatichititse manyazi. Chija umanena ukamatsuka mbale chija."

"Nenani, alamu," anatero Angella. "Kapena mpaka aphunzitsi anu akhalepo?"

Maluwa anaika kamtolo kake pamiyendo. Khosi linali litatseka monga mwa masiku onse, mawu ataunjikana pakhomo. Anakweza manja. Anawomba kamodzi.

"Syu." Anawombanso. "E. Plai. A. Ske."

"Mwamva!" anakuwa a Christopher akumenya bondo. "Ndiye kuti chiyani chimenecho?"

"Namwino."

"Namwino! China, china."

Maluwa anapuma mozama. Anayang'ana liwu limene linali pakhosi pake chiyambire dzulo, nalifufuza mfundo zake. Anawomba m'manja, mwamphamvu kuposa poyamba.

"Si. Ndi. Ku. Fu. Na."

A Mabvuto anamwetulira n'kugwedeza mutu, akuyesa kuti n'Chidanishi china. Kenaka kumwetulirako kunazima.

"Wati chiyani?" anafunsa a Christopher.

"Sindikufuna, amalume." Tsopano linatuluka lathunthu, ndipo ena onse anatsatira pambuyo pake ngati madzi ophulika pamgula. "Ukwati umenewu sindikuufuna. Palibe anandifunsa. A Denis sanandifunse, inu simunandifunse, amayi sanandifunse. Munandiuza kuti gwada, ndinagwada chifukwa ndinu amalume anga. Mukanati ichi ndi chikole, manja anga ndikanawabisa kumsana. Munadziwa zimenezo, n'chifukwa chake simunanene."

"Maluwa!" anakuwa a Nabanda. "Ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi inunso, amayi. Munkandimva ndikulimbana ndi mawu awa tsiku ndi tsiku, mukudziwa kuti sukulu kulibe. Mumati ndine wofatsa. Sindine wofatsa ayi. Ndimakwiya ngati wina aliyense, kungoti mawu amandikanirira. Inu munaona kuti pakamwa pamene sipatseguka ndi pabwino kudutsirapo."

Anamasula chitenje chija, chomwe chija chatsopano, naika foni pamwamba pake, nakankhira kutsogolo kwa a Mabvuto ndi manja awiri.

"Ndinalandira ndi manja awiri. Ndabweza ndi manja awiri."

A Christopher anaimirira, mpando n'kugwera kumbuyo.

"Chikole sabweza ngati mbale ya ndiwo! Ine ndinapereka mawu anga kwa anthu awa. Ukufuna ndizidutsa bwanji pamudzi pawo? Nena bwino, wakupusitsa ndani? Alipo wina?"

Dzulo lake funso limeneli likanamutsekera pakamwa mpaka madzulo.

"Alipo."

"Ndani?"

"Benedicto."

"Wa kabaza?" A Nabanda anagwira kumutu. "Mayo ine. Ndege ukuisiya chifukwa cha njinga?"

"Anakufunsira?" anafunsa a Christopher. "Anatuma munthu? Anabwera kwa ine? Yankha!"

"Ayi. Sananenepo kanthu."

Angella anaseka mpaka anagwira pamimba. "Ndiye mukukana mwamuna amene watuma ankhoswe, chifukwa cha munthu amene sanakuuzeni ngakhale kuti mwatchena? Alamu, Benedicto ndimamudziwa ine kuposa inu. Ndipo musavutike kukamufuna. Tamverani."

Kumsewu kunkamveka njinga yamoto ikutsika pang'onopang'ono, ngati yolemedwa. Inakhota pa mpanda wa nkhadze n'kulowa pabwalo. Kutsogolo kunali Benedicto, nkhope ili gwa, maso ali pa hendulo. Kumbuyo kwake, atakumbatira chikwama chachikulu chamatayala, kunali mwamuna wonenepa bwino wovala jekete lachikopa.

"Katundu wanga uja wafika," anatero Angella akuimirira. "Achimwene!"

Denis anatsika akudzikuntha fumbi, akuseka ndi mano onse. "Ndinati ndikudzidzimutseni. Mkazi wanga ali kuti?" Kenaka anaona foni ili pachitenje patsogolo pa amalume ake, ndipo anasiya kuseka.

Benedicto anamasula zingwe za chikwama osayang'ana munthu. Injini sanazimitse. Anatembenuza njinga kuti azipita.

"Aiwe, ima pomwepo," anatero a Christopher akuloza Benedicto. Anatembenukira kwa Maluwa, chala chili m'mwamba. "Onse awiri ndi awa. Bwereza zimene wanena, pamaso pawo. Ndipo umve bwino: mnyamata uyu akachoka pano osatsegula pakamwa, chikole chikhala pomwe chinali, ndipo tsiku tipangana lero lomwe."

Injini inkagundabe. Maluwa anadzuka pamkeka. Khosi linali lotseguka.

"A Denis, mwayenda ulendo wautali, pepani. Foni yanu ndi iyo. Chinenero chanu ndachikonda, ndipo ndipitiriza kuchiphunzira ngakhale pa foni yobwereka. Koma wokuphikirani mukafune kwina."

Anadutsa pakati pa mikeka, napita kukaima kutsogolo kwa njinga, tayala lili pafupi kukhudza chitenje chake. Benedicto anadzutsa maso. Dzanja lake linali pa kiyi, koma silinkatembenuza.

Maluwa anagogoda thanki kawiri ndi chala.

"Dzulo unati ndidzakhala chete. Ndanena dzina lako pamaso pa amalume, iwe usanandiuzepo kalikonse, ndipo ndakwiya nawe kuposa onsewa. Zimitsa njingayi, Benedicto. Ngati liwulo lakukulira, lidule. Ine ndikudikira."